Katambala kapena kamsoti: tiyang'ane lipombo kapena nthenga?

Pamsika wa Luchenza ambiri amathamangira lipombo. N'zoona, pofika masabata 6 lipombo la katambala limakhala litakula ndi kufiira, pomwe la kamsoti limakhala laling'ono, lotumbuluka. Koma nkhuku zathu zachikudazi n'zosakanikirana mitundu, lipombo limapusitsa. Ine ndinagulapo "misoti" iwiri, wina n'kudzandidzutsa ndi kokoliliko m'bandakucha.

Nthenga ndiye sizinama, kungoti zimafuna kudekha mpaka miyezi 3. Igwireni nkhukuyo, mupatule nthenga za m'khosi ndi za pamsana chakumchira. Za tambala zimakhala zazitali, zosongoka, zonyezimira ikakhala padzuwa. Za msoti n'zazifupi, zobulungira kunsonga.

Ngati mukufuna yodzaikira mazira, dikirani nthengazo. Lipombo asiyireni ofuna ndiwo za pa Khirisimasi.