Amisiri omwe anandiimikira mlongoti wa wailesi ku Area 25: pa zitsulo ndi madolo, koma kebo gulani nokha

Anzanga amene mwakhala mukufunsa za anyamata omwe anaimika mlongoti wanga uja, nde nayi ndemanga, poti tsopano wadutsa dzinja lathunthu komanso mphepo ya mwezi wa June ndi July uli chiimire. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, imodzi yachokayo yapita chifukwa cha kebo ndi earth basi. Dzina la shopu sinditchula, ndi owotcherera zitsulo a ku Mchesi, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi mageti, mabagilaba, masitandi a thanki ya madzi ndi kuika madishi a TV. Za wailesi ya amateur anali asanazimvepo chibadwire, mkulu wawo poyamba amaona ngati ndikufuna kutsegula wailesi yoti ndiziika nyimbo ndi mauthenga a maliro, mpaka ndinachita kumuonetsa laisensi ya ku MACRA ndi callsign yanga ija, dzina londidziwira pa wailesi loyamba ndi 7Q ya Malawi, kuti madala izi nzongoyankhulana ndi anzathu basi.

Chomwe ndinawauza chinali chapafupi, mlongoti wa mamita pafupifupi 12 woti uzitha kugona ndi kudzuka, osati woti munthu azikwera pamwamba ayi. Paipi ya galvanised imabwera yotalika mamita 6, nde anatenga ziwiri, yapansi ya 2 inchi, yapamwamba yocheperako, nkuzilowetsana nkumanga ndi mabawuti awiri opyola. Pansi anapanga hinji ya chitsulo chochindikala pakati pa ma channel awiri, ukachotsa bawuti imodzi mlongoti umagona bwinobwino. Pamwamba penipeni pali eriyo yoima ya bandi ya VHF yotchedwa 2 mita, ya 144 mpaka 146 MHz, mmunsi mwake pang'ono anawotcherera kamkono ka pule kokwezera dipole, eriyo ya waya, ya HF, mafunde oyankhulira kutali.

Pa maziko ndi pomwe anandigwira mtima. Ine ndinaloza kumbuyo kwa nyumba pafupi ndi kachipinda ka mawailesi kuti kebo ifupike, mkulu uja anangoyang'ana mmwamba nkutenga tepi, kuyeza kuchoka pamenepo kukafika pa mawaya a ESCOM olowa kwa aneba, nkuti bwana apa ayi, chitsulo ichi chikadzagwa chidzagonera pa waya, tisunthe. Anasuntha mpaka pomwe mlongoti olo utagwera mbali iliyonse sungafike pa waya wa magetsi. Anthu ambiri oika madishi zimenezi saziganiza nkomwe, amangokhoma pomwe mwini nyumba waloza. Dzenje anakumba lakuya pafupifupi mita imodzi mu katondo wathu wofiira uja, konkire ya 1:2:4, simenti mchenga ndi kwale, osaba simenti ngati mmene ena amachitira ukangotembenuka. Ndiye anakaniratu kudzutsa mlongoti sabata isanathe, akuti muzithirira madzi mmawa uliwonse tidzabwera, ndipo kukoka mawaya mwamphamvu anadikira kaye chifukwa konkire imakhwima zenizeni pakatha masiku 28. Munthu amene akudikira balansi yake koma nkumakuuza kuti tidikire kaye ndi wosowa mu tauni muno.

Mawaya okoka anaika mbali zitatu zotalikirana mofanana, madigiri 120, pa malevulo awiri, pakati ndi chakumtunda. Zikhomo zake zili mamita pafupifupi 8 kuchoka pa tsinde. Mbali imodzi imathera pa fensi ya njerwa, ine ndimati angomangirira pompo, anakana akuti fensi ya njerwa siikokedwa cham'mbali idzang'aluka mvula ikanyowetsa, anakumba dzenje lina nkuthira buloko yakeyake. Ma turnbuckle, tizitsulo topotokola tokungira waya, anaika pa waya aliyense, makilipi atatu atatu, ndipo anawaika moyenera, U ija kumbali ya kamchira kotsala osati kumbali ya waya wonyamula katundu. Levulo ya kumtunda ndinapempha kuti ikhale ya chingwe osati waya chifukwa chitsulo chikayandikana ndi dipole chimasokoneza tuning, nde mawa lake akutulukira ndi chingwe cha buluu chija cha mu msika chomangira katundu pa kabaza. Chimenechija dzuwa la October limachidya chimayamba kuyoyoka ngati ufa, ndinachibweza nkukasaka cha polyester chakuda. Sanadandaule.

Tsono nkhani ya kebo. Mu kotesheni yawo analemba kuti kebo mamita 30 ndi makonekita, ine ndinanena momveka kuti ikhale ya 50 ohm, mtundu wogwirizana ndi mawailesi athuwa. Tsiku loika akubwera ndi RG-6 yoyera ya dishi ya TV, ya 75 ohm, akuti bwana iyi ndi orijino timaika ponseponse sinavutepo. Kunena chilungamo 75 ohm payokha si imfa, pa wailesi ya 50 ohm imangokupatsa SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi woti ukayandikira 1 nde zili bwino, ya cha mma 1.5 ndipo RG-6 yabwino siitaya mphamvu zambiri pa VHF, alipo anzathu amaigwiritsa ntchito. Vuto ndi loti imene anabweretsayo ukasenda, ulusi wa kunja uja ndi wa aluminiyamu wowerengeka ndi zala, mtovu sugwira olo utenthetse chotani, waya wa pakati ukayandikiza maginito amakakamira kusonyeza kuti ndi chitsulo chongokutidwa kopa. Ndiye konekita ya mawailesi athu, ya PL-259, siikwana pamenepo, mnyamata wawo mmodzi anali atayamba kale kupotokola timawaya nkukulunga ndi insuleshoni tepi mmene amalumikizira eriyo ya TV ya ku ghetto. Pa TV umangolandira, chithunzi chikaoneka basi zatheka. Apa tikukankhamo mawati 50 kapena 100, joini yotero imatentha, ndipo mvula yoyamba madzi alowa.

Nditakana anapita mu tauni nkubwerera ndi kebo yakuda yopyapyala yolembedwa RG-58. Iyi nde 50 ohm inde, koma pa mamita 30 pa 145 MHz RG-58 imataya cha mma 6 dB, kutanthauza kuti pa mawati 50 otuluka mu wailesi ofika ku eriyo ndi cha mma 12 kapena 13 basi, ena onse angotenthetsa kebo mnjira, ndipo polandira nzimodzimodzi, siginolo yofooka imafera mu kebo momwemo. RG-213 yonenepa ija pa mtunda womwewo imataya osakwana 3 dB, theka lakufika. Pa HF, 7 kapena 14 MHz, RG-58 ikhoza kupirira chifukwa kutaya kumachepa frequency ikatsika, nde imeneyo ndinailandira ya dipole, koma ya pamwamba ndinagula ndekha RG-213 kudzera kwa mnzanga wobwera kuchokera ku Johannesburg. Ndalama ya RG-6 ija sanabweze yonse, akuti anali atadula kale, tinakangana pang'ono nkusiyana pakati.

Chinanso choti mudziwe amene mwangoyamba kumene, musapusitsidwe ndi SWR yokongola pansi. Kebo yotaya mphamvu kapena yolowa madzi imaonetsa SWR yotsika bwino kwambiri chifukwa mphamvu yobwerera ija nayo imafera mnjira isanafike pa mita. Nde munthu umasangalala kuti 1.1 zinthu zili bho pomwe sakukumva aliyense. Ine ndimayeza ndi kamakina koyezera eriyo ndi kebo kotchedwa NanoVNA pa eriyo penipeni mlongoti utagona, kenako kebo payokha, kenako zonse pamodzi. Makonekita ndinawotcha ndekha anyamata akuonerera, nkukulunga ndi tepi ya rabala yomatana yokha ija, pamwamba pake tepi wamba yoteteza ku dzuwa, chifukwa PL-259 siitchinga madzi olo pang'ono. Pomwe kebo imalowa mnyumba ndinawauza aigwetse kaye pansi pang'ono nkuikweza kuti madzi azidontha panja osatsata kebo mpaka pa tebulo, chimenechi anachimva msanga poti pa madishi amapanganso. Koma zomangira anabweretsa ma cable tie oyera, amenewa pa dzuwa amathetheka chaka chisanathe, akuda ndi amene amalimba.

Earth nayo inali nkhondo. Kwa iwo earth ndi kachidutswa ka chitsulo cha Y10 kotsala pa bagilaba kukhomera pansi nkumangirira kawaya ka 2.5 ka ma soketi, ena mpaka amati tingolumikiza ku mpope wa madzi, mpope wake woti pansi ndi wa pulasitiki. Abale, Lilongwe kuyambira November mpaka March mphenzi zake mukuzidziwa, ndiye waimika chitsulo cha mamita 12 chotalika kuposa nyumba zonse za mu laini. Ndinawauza agule ndodo yeniyeni ya earth yokutidwa kopa, aikhome yonse pa tsinde, waya wake akhale wonenepa, wamfupi, wosapindapinda, ndipo alumikizane ndi earth ya nyumba kuti pasakhale ma earth awiri osadziwana. Anapanga, koma monyinyirika, akuti bwana mukuononga ndalama. Kukhoma ndodo mu katondo wa chilimwe anatuluka thukuta zedi, kuthira madzi kukhoma kuthira madzi kukhoma. Olo zili choncho kukangoyamba kuda kumwamba ine ndimazula makebo onse pa wailesi nkuwasiya kunja, earth siitanthauza kuti mphenzi yakhululuka.

Zotsatira zake nde sindinganame, ndasangalala. Lilongwe ndi chidikha cha timitunda ting'onoting'ono cha pa mamita pafupifupi 1,050, nde pa VHF ukangokwera pamwamba pa madenga ndi mitengo ya mango zinthu zimasintha kwambiri. Ndi kawailesi ka mmanja ka Baofeng ndi kaeriyo kake ka rabala ndinkangomva phokoso, pano mnzanga wa cha ku Likuni ndi wina wa ku Lumbadzi timayankhulana ngati tili pa khonde limodzi. Dipole ndinapanga ya mawaya awiri pa balun imodzi, kachipangizo kolumikiza kebo ndi eriyo, ya bandi ya 40 mita yotalika mamita pafupifupi 20 yonse, ya bandi ya 20 mita yotalika pafupifupi 10, zotsetsereka mbali zonse ngati V yozondoka kuti zikwane mu poloti. Madzulo pa 40 mita anzathu a callsign ya ZS a ku South Africa amamveka bwino, pa 14.074 MHz ukangoponya CQ, kuitana aliyense amene akumva, pa FT8 yotumiza timauthenga ndi kompyuta ija, azungu a ku Europe ndi ma Japan amaunjikana chifukwa 7Q siipezekapezeka pa mpweya, ambiri akuisaka. Zimenezi ndi mlongoti umene wandipatsa, dipole yomweyi ili mmunsi pa mtengo wa peyala inkangouzira mitambo, siginolo osafika kutali.

Aneba nawo kkkk, wina anabwera ndi ulemu wonse kudzapempha pasiwedi ya wifi, mayi ena amafunsa ngati akampani ya foni akundilipira lendi mwezi ndi mwezi. Amfumu a buloko ndinawafotokozera kale zisanayambe, bola kutero kusiyana nkuti amve kwa anthu kuti ku nyumba ija kuli zida zachilendo.

Mvula itatha mu April ndinawaitana kuti tidzaugoneke tione. Anabwera, ngakhale kuti nthawi ya anyamatawa musamaikhulupirire, akati 8 koloko mudziyembekeza cha mma 11, foni ikuitana osayankhidwa kenako akutulukira akuseka ndi makina awo pa minibasi. Kugoneka kumafuna anthu anayi, awiri pa mawaya, awiri kulandira, mphindi zochepa zatheka. Mabawuti onse anali olimba, hinji sinapindike, buloko ya konkire osang'aluka pena paliponse, mawaya anali atalekerera pang'ono zomwe ndi zachizolowezi chaka choyamba, anangopotokola ma turnbuckle. Dzimbiri linapezeka pa majoini owotcherera okha, chifukwa ukawotcherera paipi ya galvanised zinki ija imapsa nkusiya chitsulo pamtunda, iwo anangopakapo red oxide kamodzi basi. Anapala ndi burashi ya waya nkupakanso kawiri ndi penti pamwamba osandilipiritsa, ndinangowagulira nsima ndi ya transipoti. Nditamasula tepi pa konekita ya pamwamba kopa anali wowala mbee ngati tsiku loyamba, akanakhala wakuda kapena wobiriwira ndikanadula mita imodzi nkuwotcha konekita ina.

Za mtengo, sanandidule poyerekeza ndi ena awiri omwe ndinafunsa, koma kotesheni yawo imakhala ya sabata imodzi yokha, akuti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya paipi ndi simenti ku mahadiweya siikhazikika. Nde mukagwirizana pitani nawo limodzi mukagule zitsulo tsiku lomwelo, perekani theka la leba, theka linalo mlongoti ukadzuka. Mu kotesheni muwauze achotsemo kebo, makonekita ndi ndodo ya earth, zimenezo bwerani nazo nokha ndipo tsiku loika mukhalepo osawasiyira kuti ndili ku ntchito mundiuza mukamaliza. Mu October mvula isanayambe abweranso kudzawotcherera kamkono kena pa mamita 9 koti ndiikepo Yagi, eriyo yoloza mbali imodzi, yaing'ono ya bandi ya 2 mita, ndawauziratu kuti penti ya zinki ndigula ndekha.