Wailesi ya Android ya mainchesi 9 mu Axio: funsani za waya wa buluu musanalipire

Ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndikanalemba ndemangayi mwezi woyamba ndikanaipatsa imodzi, ndipo ndikanaisenzetsa mlandu umene mbali yaikulu sunali wake.

Galimoto yanga ndi Toyota Axio yakale yochokera ku Japan, ngati zambiri zimene zadzaza m'misewu muno. Mawailesi amene amabwera ndi magalimoto amenewa FM yawo imayambira pa 76 n'kulekeza pa 90, pomwe masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake amene anandigulitsa galimotoyi anali ataikamo kale ka expander, kachipangizo kothandiza wailesi ya ku Japan kugwira masiteshoni athu. Nambala zimene wailesiyo inkaonetsa zinali zabodza, koma mawu ankamveka bwinobwino kuchoka ku Matawale mpaka ku Liwonde. Chimene chinanditopetsa n'chakuti inalibe Bluetooth ngakhale polowetsa fulashi. Ndiye ndinakagula ya Android, ya zija zopanda dzina lodziwika, pa shopu ina m'tauni ya Zomba, ndipo mnyamata wa pomwepo anandiikira ola lisanakwane. Tinayesa nyimbo za mufoni, kamera ya rivesi, mapu, zonse zili bwino. FM sitinaiyatse n'komwe. Pamenepo wolakwa ndine.

Loweruka lake kunali mpira wa Maule ndi Manoma, ine ndili pa ulendo wa ku Domasi. Pa Chinamwali woulutsa anayamba kumira m'phokoso, pofika pa Songani n'kuti kwangotsala shiii yekhayekha. Zoti kwalowa chigoli ndinamvera kwa anyamata a kabaza amene ankakuwa m'mbali mwa msewu, ndipo ndinachita kuima kuti ndifunse amene wagoletsa.

Lolemba ndinabwerera kushopu. "Akulu, Zomba ndi ya mapiri, wailesi imavuta kuno," anatero mnyamata uja. Sikuti ankanama kotheratu. Mafunde a FM sakhota bwino akakumana ndi phiri, ndipo lathuli pamwamba pake limapitirira mamita 2,000, moti malo ena obisika siteshoni imathawadi. Koma phirilo silinasunthe usiku umene anandiikira wailesi, ndipo yakale ija inkagwira pansi pa phiri lomweli. Anandigulitsabe eriyo yomata pa galasi la kutsogolo, ya booster. Chimene inakweza ndi phokoso.

Kunyumba ndinayamba kuifufuza ndekha, ndipo ndinapeza zinthu zitatu zosafuna ndalama. Mu settings, pa dera la wailesi, anaisiya pa America. Kumeneko nambala zimalumpha, 88.1, 88.3, 88.5, ndiye siteshoni yothera ndi 2 kapena 6 simungaiponde ndendende, mumangoimvera chapambali. Nditasinthira pa Europe inayamba kuima pa nambala zonse. Panalinso ka LOC koyaka pakona, kamene kamauza wailesi kuti izitola masiteshoni amphamvu okha, ndinakazimitsa. Chachitatu ndinachitulukira mwangozi: ndikazula chaja yanga yotchipa ya pa laita, kulira kwa tsiii kunkachepa nthawi yomweyo. Zinasinthako ndithu m'tauni, koma ndikangotuluka pang'ono, yomweyo.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi bambo ena achikulire okonza zamagetsi a galimoto cha ku Mpondabwino. Sanafunse zambiri. Anasolola wailesi mu dashibodi n'kuyamba kutsatira chingwe cha eriyo ndi chala. Choyamba kutuluka chinali ka expander kaja, kakadali pamalo pake. Ntchito yake ndi kutsitsa nambala za masiteshoni kuti zikwane mu wailesi ya ku Japan. Wailesi yatsopanoyi imafika yokha pa 108, ndiye kankangosokoneza, masiteshoni ena kuwakankhira pamene palibe, ena kuwasanjikiza. Anakachotsa n'kundipatsa m'manja.

Kenako anandionetsa waya wa buluu wolembedwa ANT, atakulungidwa ndi tepi, wosalumikizidwa paliponse.

"Bambo, eriyo yanuyi ili ndi njala," anatero.

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti eriyo imadya. Axio yangayi ilibe ndodo padenga. Eriyo yake ndi timizere ta pa galasi la kumbuyo, pamwamba pa tija tochotsa nthunzi, ndipo pafupi pake pabisika ka amplifier kofuna mavoti 12. Wailesi yoyamba ija inkakapatsa moto. Yatsopanoyi imayenera kukapatsa kudzera pa waya wa buluu uja. Popanda moto kamasanduka chotchinga, mafunde amafika ku wailesi atafooka kale. Madalawo anayeza ndi tesita pa pulagi ya galimoto, kupeza waya wopita kumbuyo, kulumikiza, ndipo siteshoni imene inkamveka ngati ili m'chitsime inalankhula ngati munthu wakhala pa mpando wa pambali. Anandichenjezanso kuti ndisadzalole munthu kutenga motowo pa waya wa yelo, chifukwa umenewo sugona ngakhale mutazula kiyi, ndipo batire limatha galimoto itangoima. Waya wakuda wa earth nawonso unali utangogwira pa sikuluu yolendewera; anapala chitsulo n'kumanga bwino. Zonsezi ndinalipira ndalama yosakwana kugula malita atatu a petulo.

Tsopano papita miyezi inayi. MBC, Zodiak ndi Times zikumveka bwino m'tauni monse, YONECO ndi ya ku Chanco osanena. Pa msewu wa ku Blantyre ndi pamene mumaonekera mphamvu zenizeni za wailesiyi: m'zigwa za pakati pa Thondwe ndi Namadzi imayambabe kukanda, pomwe yakale ija, ndi Chijapani chake chomwecho, inkadutsa osatsokomola. Apa palibenso waya womunamizira. Mawailesi otchipawa ndalama zinathera pa sikirini, mbali ya FM anangoiikamo kuti ikhalepo. Nyenyezi imodzi yapita pamenepo.

Ina yapita chifukwa m'mawa imatenga nthawi kuti idzuke, moti ndimatuluka rivesi pageti kamera isanayake, ndipo dzuwa la masana likawomba pa sikirini simuona kanthu. Bluetooth yokha sinandikhumudwitsepo, mawu a nyimbo ndi abwino pa masipika omwe aja, ndipo ana anasiya kulimbirana foni yanga pa ulendo.

Ngati mukuigula chifukwa cha nyimbo ndi kamera, gulani. Ngati ndinu a nkhani za m'mawa ndi mpira ngati ine, yatsani FM injini ikulira, muone waya wa buluu ndi maso anu dashibodi isanatsekedwe, ndipo muyende nayo mpaka pa Chinamwali musanapereke ya ntchito. Eriyo yomata ija anakana kundibwezera ndalama, akuti guluu wake ndinamatula kale.