Turbo ndi supercharger: choyenera misewu ya ku Kasungu ndi chiti?

Zipangizo ziwirizi ntchito yake ndi imodzi, yokankhira mpweya wochuluka mu injini kuti itenthe mafuta ambiri n'kutulutsa mphamvu zoposa msinkhu wake. Kuno ku Kasungu nkhaniyi ndi yofunika, chifukwa tili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya umakhala wopepuka, choncho injini yopanda chothandizira imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake.

Kusiyana kwagona pa chimene chimazunguza chipangizocho. Supercharger imakokedwa ndi lamba wochokera ku injini, choncho mukangoponda moto galimoto imayankha nthawi yomweyo, monga amadziwira amene anayendetsapo Mercedes-Benz C200 Kompressor. Vuto lake n'lakuti mphamvu yoikokera imachokera ku injini yomweyo, ndipo zimenezi zimaonekera pa mafuta.

Turbo imazunguzidwa ndi utsi umene ukanangotayika ku ekizozi, nzeru imene Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa mu 1905. Imachedwerako pang'ono kudzuka injini ikamayenda motsika, koma ikagwira, Hilux ya D-4D (injini ya dizilo yokhala ndi turbo) yosenza mabelo a fodya opita ku Chinkhoma imakwera chitunda popanda kusintha magiya kawirikawiri. Kwa wonyamula katundu pa dizilo, ine ndikuona kuti palibenso mpikisano.

Komabe turbo siikhululuka pa chisamaliro. Timapiko take timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, pamalo otentha kwambiri, ndipo chimene chimateteza shafiti yake ndi oyilo wa mu injini basi. Mukachedwa kusintha oyilo, kapena mukazimitsa injini mutangofika kuchokera ulendo wautali wa pa M1 osaisiya ilire kaye kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, oyilo amapserera mkatimo. Fumbi la m'chilimwe la m'misewu ya kumaesiteti nalonso, likadutsa pa fyuluta yong'ambika, limadya timapikoto pang'onopang'ono. Supercharger imapirirako pa kutentha, ngakhale kuti lamba wake amatha ndipo zipangizo zake sizipezeka msanga m'mashopu a pa boma pano.

Pogula galimoto yakale ya turbo, pemphani makaniko avule paipi yolowetsa mpweya, agwedeze shafiti ndi chala injini itazima. Ikamagwedera mpaka timapiko kukhudza m'mbali, kapena ekizozi ikamatulutsa utsi wabuluu, mtengo wa turbo ina uchotsedwe pa mtengo wa galimotoyo.