Minecraft, Roblox kapena Fortnite: Mulowe Dziko Liti?

Mnzanga wina anandifunsa kuti pa magemu atatuwa aike iti pafoni ya mng'ono wake. Sindinamuyankhe msanga. Onse atatu ndawasewera, ndipo ngakhale anthu amawaika m'dengu limodzi, ndi maiko osiyana kutalitali. Chofunika kudziwa kaye n'chakuti munthuyo akalowamo akufuna kukachita chiyani: kumanga, kucheza, kapena kumenya nkhondo.

Ndiyambe ndi Minecraft, poti ndi kumene mtima wanga uli. Anaiyambitsa Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, ndipo mu 2014 Microsoft inagula kampani yake, Mojang, ndi madola 2.5 biliyoni. Pofika 2023 anali atagulitsa makope oposa 300 miliyoni. Koma manambalawa sakuuzani mmene usiku woyamba umakhalira. Umangopezeka uli pathengo, chimanjamanja. Umagogoda mtengo ndi chibakera mpaka udulidwe, n'kupanga thebulo logwirirapo ntchito, kenako chokumbira chamtengo. Tsiku lathunthu m'menemo ndi mphindi 20 zokha, ndiye ukamatembenuka dzuwa lapendeka kale. Ine usiku umenewo ndinakumba kadzenje m'mbali mwa phiri, n'kutseka pakhomo ndi dothi, n'kukhala duu mumdima ndikumva zilombo zikubuula kunja. Patapita masiku ndinamanga nyumba yamiyala yokhala ndi mawindo agalasi. Tsiku lina ndili pakhomo ndinangomva "sss" kumbuyo, chilombo chotchedwa Creeper n'kuphulika, khoma lakumaso lonse phwasu. Zinandiwawa ngati zenizeni, ndipo ndinamanganso.

Kuwawa kumeneko ndi kumene kumandisonyeza kuti dzikolo ndi langa. Palibe amene amakupatsa ntchito. Amene safuna zilombo amalowa Creative n'kumanga mwaufulu, amene amakonda zamagetsi amalimbana ndi redstone, ufa wofiira wogwira ntchito ngati waya, mpaka kupanga zitseko zotseguka zokha. Umalipira kamodzi pogula, ndipo ukhoza kusewera wekha popanda intaneti, chinthu chimene magemu awiri enawo sangakupatse. Chenjerani ndi chimodzi: pali mitundu iwiri ya Minecraft, Java ya pakompyuta ndi Bedrock yomwe ili pafoni ndi pamakina ngati Xbox. Wa Java ndi wa Bedrock salowa dziko limodzi mwachisawawa, choncho funsani kaye anzanu kuti ali ndi iti.

Roblox si gemu imodzi ayi. Ndi msika waukulu wa magemu opangidwa ndi osewera anzanu. David Baszucki ndi Erik Cassel anaitulutsa mu 2006, kotero ndi yakale kuposa Minecraft, ngakhale ambiri amaiyesa yatsopano. Kulowa n'kwaulere, ndipo foni wamba imakwanitsa. Lero uli mu Brookhaven kusewera zanyumba ndi anzako, mawa uli mu Adopt Me! kuweta ndi kusinthanitsa tiziweto. Mphamvu yake ndi anthu. Mwana akati akufuna Roblox, nthawi zambiri sakunena za gemu, akunena kuti anzake onse ali kumeneko ndipo iye watsala yekha. Zimenezo sindizipeputsa.

Koma zaulerezo zili ndi mchira wake. Ndalama ya m'menemo ndi Robux, yogulidwa ndi ndalama zenizeni, ndipo magemu ambiri amakonzedwa moti wosagula amaonekera: chovala chake n'chosasangalatsa, chitseko china sichimutsegukira. Kwa mwana, manyazi amenewo ndi aakulu. Komanso macheza ndi anthu osawadziwa ali paliponse, ndiye kholo lisangopereka foni n'kuchoka, liyambe latsegula zoletsa za makolo zomwe zilimo. Mbali yomwe ndimaiyamikira ndi Roblox Studio. Ndi yaulere, imagwira pakompyuta, ndipo wachinyamata amaphunziramo kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Luau n'kutulutsa gemu yakeyake. Ena amasintha Robux zomwe apeza kukhala ndalama zenizeni, ngakhale amene amafika pamenepo ndi ochepa.

Fortnite ya Epic Games, yomwe inatuluka mu 2017, ndi ya anthu othamanga magazi. Anthu 100 amalumpha kuchoka m'basi youluka n'kutera pachilumba, chimphepo chimapanikiza bwalo pang'onopang'ono, wotsala yekha ndiye wapambana. Kuyambira 2022 kuli Zero Build ya amene kumanga makoma uku akuwombera kumawasokoneza. Koma chimene chinaipatsa dzina ndi zionetsero. Mu Epulo 2020 anthu oposa 12 miliyoni analowa nthawi imodzi kudzaonera Travis Scott akuimba m'gemumo. Anthu a m'mafilimu a Marvel ndi Star Wars amabwera n'kupita malinga ndi nyengo. Ndalama za m'menemo, V-Bucks, zimagula maonekedwe, sizikupatsa mphamvu zoposa mnzako pankhondoyo, ndipo apo ndimawapatsa ulemu. Komabe mu Disembala 2022 Epic inavomera kulipira madola 520 miliyoni ku America pa milandu yokhudza zinsinsi za ana komanso kugulitsa anthu zinthu zomwe sanafune kugula. Imafunanso makina amphamvu ndi netiweki yosadukaduka. Ikangozengereza pang'ono, wafa usanaone amene wakuwombera.

Chimene chimandibwezera ku Minecraft n'chakuti mpikisano wa Fortnite ukatha palibe chotsala m'manja, pomwe nyumba yanga ija ilipobe, ndi chigamba cha njerwa pamene Creeper anaphulitsa. Otsatira ake nawonso ndi amisiri: mu 2021 makanema a Minecraft pa YouTube anali ataonedwa koposa 1 thiriliyoni, ndipo ambiri ndi a anthu ophunzitsana kumanga. Munda wanga woyamba wothirira ndinauphunzira kwa munthu amene sindidzakumana naye.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti agule Minecraft, ndipo usiku woyamba akhale pambali pa mng'ono wakeyo akumbe limodzi dzenje. Ndinawonjezera kuti ngati anzake onse a mwanayo ali pa Roblox, amuikire imeneyonso, koma asalumikizeko khadi lake la kubanki, ndipo aziona amene akucheza naye. Za Fortnite ndinati adikire kaye akule, foniyonso siingakwanitse.