NBA League Pass: kodi imathandiza bwanji wofuna kudziwa ngati New York Knicks inagula bwino osewera?

Ndinayamba kulipira NBA League Pass, ntchito yoonetsa masewero a basketball a ligi ya NBA pa intaneti, chifukwa cha funso limodzi lokhudza timu ya New York Knicks, ndipo ndi funso lomwelo limene ndayesera nalo phindu la ntchitoyi. Pa nthawi yopuma ya chaka cha 2024, akuluakulu a timuyi, motsogozedwa ndi Leon Rose, anachita malonda amene anagawa ochemerera pawiri, ndipo ine ndinkafuna kuona ndi maso anga ngati malondawo anali anzeru, m'malo mongodalira zonena za anthu.

Timuyi inatenga Mikal Bridges kuchokera ku Brooklyn Nets, ndipo pomutenga inapereka mwayi usanu wosankha osewera achinyamata mu gawo loyamba la draft, umene ndi mtengo wokwera kwambiri kwa wosewera amene sanasankhidwepo kukasewera mu All-Star, masewero a osewera apamwamba kwambiri a ligi. Inapatsa OG Anunoby mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 212.5 miliyoni, pamene Jalen Brunson anavomera kuwonjezera zaka zinayi pa madola 156.5 miliyoni, ngakhale akanapeza ndalama zochuluka zedi akanadikira chaka chimodzi. Isaiah Hartenstein, amene ankateteza bwino pansi pa basiketi, anapita ku Oklahoma City Thunder. Ndiye sizoni itatsala pang'ono kuyamba, Julius Randle ndi Donte DiVincenzo anatumizidwa ku Minnesota Timberwolves kuti Karl-Anthony Towns abwere ku New York.

League Pass ndi ntchito ya ligi ya NBA yoonetsa masewero kudzera pa intaneti, pa foni, pa kompyuta kapena pa wailesi ya kanema, ndipo mtengo wake umasiyana malinga ndi dziko limene munthu ali. Mphamvu yake yaikulu, monga ndaonera ine, ili m'masewero ojambulidwa kale. Masewero a ku New York amayamba madzulo a kumeneko, pamene okhala tsidya lina la nyanja ya Atlantic amakhala ali m'tulo, choncho mwayi woonera masewero onse m'mawa mwake, zotsatira zitabisidwa kuti mtima uzidumphabe ngati zikuchitika nthawi yomweyo, ndi umene umapangitsa kuti ndalamayo isapite pachabe. Palinso masewero ofupikitsidwa, amene amachotsa nthawi yopumira ndi kusiya zochitika zokhazokha, koma amenewa ndimawaona ngati othandiza kwa munthu wofulumira basi, chifukwa amabisa zinthu zimene wofufuza za timu amafuna, monga mmene osewera akuyankhulirana akalakwitsa ndiponso amene mphunzitsi wamusiya pa benchi.

Apa ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ntchitoyi inandiphunzitsa zambiri. Manambala a Towns anali osangalatsa, mapointi oposa 24 ndi mipira yogwira pa basiketi pafupifupi 13 pa masewero alionse, ndipo munthu wongowerenga manambalawo akhoza kunena kuti malondawo analibe chilema. Koma ukabweza kanema kumbuyo n'kuyang'ana Towns yekha pamene timu inayo ili ndi mpira, umaona mmene adani ankamukokera dala kutali ndi basiketi pomutchinga Brunson, kuti awiriwo akakamizike kuteteza limodzi, ndipo nthawi zambiri mpata unkatseguka pakati pawo. Ndinabweza zochitika zoterezi kangapo, ndikuimitsa chithunzi pamene phazi la Towns lachedwa kutembenuka, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake timuyi inkaoneka ina Mitchell Robinson, wosewera wake wamtali woteteza bwino pansi pa basiketi, atachira n'kubwerera m'bwalo kumapeto kwa February 2025. Chimodzimodzinso Bridges: m'miyezi yoyamba ankaoneka ngati mlendo wosadziwa pokhala, koma anaponya mapointi 41 pa tsiku la Khirisimasi polimbana ndi San Antonio Spurs, ndipo mu ndime yochotsana analanda mpira m'manja mwa Jaylen Brown wa Boston Celtics pa masekondi omaliza a masewero oyamba a ku Boston, pamene Knicks inali itabweza mapointi 20 amene inatsalira nawo. Mphindi imeneyo ndaionera kambirimbiri, ndipo sinditopa nayo.

Chinthu china chimene ndimachiyamikira ndi ufulu wosankha owulutsa mawu a timu yapakhomo kapena ya alendo. Pa masewero a Knicks ndimasankha Mike Breen ndi Walt Frazier, ndipo kumva Frazier, amene anali m'timu imene inatenga chikho mu 1970 ndi mu 1973, akufotokoza zolakwa za osewera a lero, kumakumbutsa munthu kutalika kwa nthawi imene ochemerera a ku Madison Square Garden, bwalo la Knicks, adikira, popeza pofika sizoni ya 2024-25 chikho cha 1973 ndicho chinali chomaliza.

Zofooka zilipo, ndipo wofuna kulipira ayenera kuzidziwa. Okhala ku America ndi ku Canada saloledwa kuonera pompopompo masewero a timu ya m'dera lawo kapena oonetsedwa pa wailesi za kanema za dziko lonse. Zithunzi zimafuna intaneti yamphamvu. Koma chachikulu kwa ine n'chakuti pa nthawi yopuma yeniyeniyo, pamene malonda a osewera akuchitika, ntchitoyi imakhala ndi zochepa: masewero a achinyamata a Summer League ku Las Vegas mu July, masewero akale, ndi nkhani za apa ndi apo. Malamulo a malire a malipiro, amene ndiwo amalamula zimene timu ingathe kugula, munthu ayenera kukawaphunzira kwina.

Mu sizoni ya 2024-25, Knicks inapambana masewero 51 mwa 82, inachotsa Detroit Pistons ndi Boston Celtics, ndipo inafika mu ndime yomaliza ya chigawo chakum'mawa koyamba chichokereni 2000, kumene inagonja kwa Indiana Pacers m'masewero asanu ndi limodzi. Ngakhale zinali choncho, mphunzitsi Tom Thibodeau anachotsedwa ntchito mu June 2025 ndipo m'malo mwake munalowa Mike Brown. Timuyi inawonjezera Jordan Clarkson ndi Guerschon Yabusele kuti benchi ikhale ndi mphamvu, ndipo Bridges anasaina zaka zina zinayi pa madola 150 miliyoni. Popeza mwayi wambiri wa draft unapita ku Brooklyn ndipo malipiro a osewera asanu oyamba anali okwera kale, tsogolo la timuyi linagona pa anthu omwewa, ndipo njira zokonzera zinthu ngati zitavuta zinali zochepa.

Mu 2025 ndinalipiranso chaka china, kuyambira mu October pamene masewero enieni amayamba, ndipo chimene ndinkafuna kuyang'anitsitsa m'masabata oyamba chinali ichi: ngati Mike Brown adzapumitsa osewera ake asanu oyamba mokwanira, kuti pofika May miyendo ya Bridges ndi Josh Hart idzakhale isanatope.