SLOPE, LINEST, Trendline ndi ToolPak: yodalirika ndi iti mu Excel?

Tiyerekeze kuti m'danga A mwalemba matumba a feteleza amene munathira m'minda inayi: 2, 4, 6, 8. M'danga B mwalemba matumba a chimanga amene munakolola: 10, 17, 25, 32. Mukufuna kudziwa kuti thumba limodzi la feteleza likuwonjezera chimanga chochuluka bwanji.

Njira yachidule ndi =SLOPE(B2:B5,A2:A5), yomwe ikupatsani 3.7 (matumba a chimanga owonjezereka pa thumba lililonse la feteleza), ndi =INTERCEPT(B2:B5,A2:A5), yomwe ikupatsani 2.5 (zokolola zimene masamuwa akuyerekeza feteleza akakhala ziro). Polemba m'mabulaketimo, chimanga chiyambe, feteleza atsatire. Mukazitembenuza, Excel sadandaula, amangotulutsa nambala ina imene si yanu. Vuto la SLOPE n'lakuti imalandira x mmodzi yekha (x ndi chinthu chimene chikusintha zokolola, pano ndi feteleza), ndiye mukafuna kuwonjezera mvula, yakanika.

Ambiri timathamangira Trendline, mzere umene Excel amajambula pa tchati, chifukwa imakongola mu lipoti. Ine inandipusitsapo. Ndinajambula tchati cha Line m'malo mwa Scatter, ndipo tchati chotere sichiwerenga manambala a x, chimangowatenga ngati 1, 2, 3, 4. Pa manambala athuwa chingalembe y = 7.4x + 2.5, kutanthauza kuti phindu la feteleza lachulukitsidwa kawiri popanda chenjezo lililonse. Ngakhale pa Scatter, manambala olembedwa pa tchati amakhala odulidwa kumapeto. Poonera ndi maso ali bwino, koma osawakopera n'kukawerengetsera zina.

Ine ndinakhazikika pa LINEST. Lembani =LINEST(B2:B5,A2:A5,TRUE,TRUE) ndipo mulandira mizere isanu: pamwamba 3.7 ndi 2.5, pansi pake standard error ya iliyonse (muyezo wa mmene nambalayo ingaphonyere), kenako R² (mmene mzere ukugwirizanira ndi manambala anu), F ndi zina. Imalandira ma x angapo, ndipo mukasintha nambala imodzi zotsatira zimasinthiratu pompo. Koma ili ndi khalidwe lake. Siika mitu, mumayenera kudziwa nokha kuti nambala iyi ndi ya chiyani. Choipa kwambiri, imasanja ma x chobwerera: ngati feteleza ali m'danga loyamba ndipo mvula ili m'danga lotsatira, nambala yoyamba kumanzere ndi ya mvula, ya feteleza imabwera pambuyo. Ikapeza bokosi lopanda kanthu imatulutsa #VALUE!. Pa Excel wakale muyenera kusankha mabokosi onse kaye n'kudina Ctrl+Shift+Enter, pomwe Microsoft 365 ndi Google Sheets zimangomwaza zokha.

Nanga Analysis ToolPak, chida chowonjezera cha Excel? Iyi ndi ya amene aphunzitsi awo akufuna p-value ndi tebulo la ANOVA lolembedwa bwino, zimene zimathandiza kuona ngati zotsatira sizinangochitika mwamwayi. Mumaiyatsa pa File, Options, Add-ins, kenako imaoneka pa Data. Imalola ma x osapitirira 16, ndipo ayenera kukhala m'madanga oyandikana. Zotsatira zake ndi zouma: mukakonza 17 uja kukhala 19, tebulo limakhala momwemo mpaka mutayambiranso. Choncho muigwiritse ntchito pomaliza, manambala onse atatsimikizika, ndipo muyerekeze ma coefficient ake (manambala ngati 3.7 ndi 2.5 aja) ndi a LINEST musanasindikize.