Kondowole wa ku Ruarwe ndi nambala wani, koma nyamulani kashi

Ndagona masiku anayi ku Ruarwe, kumpoto kwa Nkhata Bay uko, ndiye ndati ndikuuzeniko za kamalo komwe ndimagona ndi kudya. Choyamba dziwani kuti uku galimoto sifika ayi, mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi, ndiye kaya mukwera Ilala, kaya boti la matola lodzera pa Usisya, apo ayi mudula wapansi. Ine ndinakwera Ilala, gogo uja wakhala akuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo poti doko kulibe imaima patali mumatsitsidwira m'kaboti kakang'ono, kenako mumaponda madzi ofika m'mawondo chikwama chili pamutu.

Malowo ndi a mayi ena achikulire, tizipinda titatu, matiresi abwinobwino, neti ya udzudzu yosabooka. Basi. Musayembekezere zambiri.

Koma chakudya abale! Ine mwana wa ku Dedza ndinakulira mgaiwa ndipo kondowole ndimamunyoza kuti amanunkha, pano ndalapa. Chinangwa amachiviika okha masiku angapo, nkuchiyanika pamiyala kuseri kwa nyumba, nkusinja, ufa wake woyera mbee. Tsiku loyamba ankandimata m'zala mpaka mayiwo anaseka nkundiuza kuti mwana wanga nyowetsa kaye dzanja, ndipo usatafune, ingomeza. Ndiwo inali batala wowotcha wamafuta ake omwe, tsiku lina usipa wauwisi wothira tomato ndi chigwada pambali. Usipawo ndi womwe umaona usiku nyali za asodzi zili ngwee panyanja ngati tauni, m'mawa uli kale mupoto. Ku Lilongwe timadya mitembo ya nsomba, ndikunenetsa.

Zodandaula zilipo ndithu. Magetsi ndi a sola ndipo batire yake ndi yotopa, ikamakwana 9 koloko usiku mdima bii, foni kutchaja ndi masana okha komanso pamzere. Netiweki mpaka ukwere kamtunda ukaime pamwala wina wake, ndiye zolipira pafoni iwalani, ine ndinatsala pang'ono kuchita manyazi kashi itandithera. Chimbudzi ndi chokumba, chaukhondo inde koma chili chokwera, usiku opanda tochi mungathyoke mwendo. Tiyi wam'mawa amabwera nthawi yomwe moto wayaka, osati yomwe mwapempha.

Anthu ake amalankhula Chitumbuka ndi Chitonga koma Chichewa amamva, moni yekha mpaka kutopa kuyankha.

Tsiku lobwerera kunawomba mwera, boti silinanyamuke, ndinagonanso usiku wina ndilibe ndi kobiri lomwe. Mayiwo anangoti mudzatumiza mukafika ku Nkhata Bay, nkundipakuliranso nsima. Ndinatumiza nditangotsika. Ndikupereka 4 pa 5, imodziyo ndachotsera batire ija.